Ndinathawa chiswe n'kugula e-reader: zomwe zinandichitikira

Mvula ya 2023 ili pakati, ndinapita kukakoka katoni ya mabuku yomwe inkakhala pakona m'chipinda mwathu. Nditainyamula, matako ake anatsala pansi pomwepo. Chiswe chinali chitatulukira m'khoma n'kumanga tinjira take ta dothi pakati pa masamba. Chinadya mwaulemu ndithu: zikuto chinazisiya, koma m'kati monse munali fumbi lokhalokha. Munali mabuku 41. Ena ndinawasunga kuyambira ndili ku sekondale, ena ndinkagula akaunjika m'mbali mwa msewu ndikapita ku Lilongwe. Anapulumuka asanu ndi limodzi okha, ndipo anali amene ana anabwereketsa kwa anzawo osandiuza.

Ndimakhala kufupi ndi Chinkhoma, m'boma la Kasungu. Ndili ndi kagolosale, ndimalimanso fodya pang'ono. Pakhomo tilipo ine, akazi anga Nabanda, ana atatu ndi mayi anga omwe anabwera kudzakhala nafe bambo atamwalira. Kuwerenga madzulo sitinachite kukonza ayi. Chaka china wailesi inafa, ndiye tikatha kudya nsima, wachisamba ankawerengera azing'ono ake kuti asasokose. Wailesi inakonzedwa, koma chizolowezicho chinatsala. Katoni ija itapita, madzulo athu anazizira ngati pamaliro.

Pa Pasaka kunabwera mlamu wanga wa ku Johannesburg. Atamva dandaulo langa anatulutsa m'chikwama kachipangizo kopyapyala kowerengerapo mabuku, kotchedwa e-reader. "Alamu, ichi chiswe sichidya," anatero. Anatuluka nako padzuwa la masana, zilembo zikuoneka bwinobwino, pamene foni padzuwa umachita kuiphimba ndi dzanja. Galasi la e-reader ndi losiyana ndi la foni. M'kati mwake muli timatumba ting'onoting'ono tokhala ndi tinthu takuda ndi toyera. Ukatsegula tsamba, moto wa batire umakankhira takudato pamwamba paliponse pofunika chilembo, basi. Tsamba likaima silidyanso moto, n'chifukwa chake batire limatha masabata. Ife timadalira kasola kakang'ono komwe kukachita mitambo kamalephera kudzaza ngakhale mafoni awiri. Nkhani ya batireyo ndi imene inandigwira mtima.

Mu Juni, mabelo anga atagulidwa ku okushoni ya Chinkhoma, ngongole ya feteleza itadulidwa, ndinapatula ndalama. Nabanda anandifunsa mofatsa: "Aphiri, ndalama imeneyo sitingagule katoni ina ya mabuku, n'kutsalako ya matabwa a shelefu?" Ndinawayankha kuti akuganiza zachikale. Mawu amenewo ndinadzawameza ndekha.

Mitundu yodziwika kwambiri ndi Kindle, ya kampani ya Amazon, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2007, ndi Kobo. Zatsopano m'masitolo a kuno sindinazione, ndiye ndinasakasaka pa Facebook mpaka ndinapeza mnyamata wa ku Lilongwe wogulitsa yogwiritsidwapo kale ntchito pa K95,000. Chimene chinandikopa n'chakuti analemba kuti muli kale mabuku 300. Ndinawerengetsera ngati wapagolosale: buku limodzi K300 ndi pang'ono. Ndinakwera minibasi mumsewu wa M1, ndipo thiransipoti ndi chakudya zinadya K18,000. Tinakumana pafupi ndi depoti. Anakayatsa, masamba akutseguka, ine n'kutumiza ndalama pafoni. Mphindi khumi sizinakwane.

Safunsa anadya phula. Pamalo pomwepo ndinayenera kutsegula mbali ya zosintha n'kuona kuti chipangizocho chinalembetsedwa m'dzina la yani. Wogulitsa weniweni amachotsa akaunti yake inu mukuona, ndipo akakana kapena kunena kuti anaiwala pasiwedi, tembenukani muzipita, chifukwa mwina n'chakuba. Ndinayeneranso kuyesa ngati chikulowa moto, kuyatsa nyali yake kuti ndione ngati ikuwala mofanana, ndi kuyang'ana tsamba loyera ngati lilibe mizere. Panalinso chikuto chake cholimba chomwe ankagulitsa K8,000. Ndinakana, ndati ndisoketsa kathumba kwa telala.

Nditafika kunyumba, ana anandizungulira ngati ndabwera ndi njinga yamoto. Titayamba kufufuza, mabuku 300 aja anali nkhani zachikondi za azungu ndi zophunzitsa kulemera msanga. Loti mwana n'kuwerenga panalibe ngakhale limodzi, ndipo pamwamba pankaoneka dzina la munthu wachilendo. Ndinazindikiranso kuti kachipangizoka sikalowa simu khadi. Kamafuna Wi-Fi, ndiye ndinayenera kuphunzira kugawa intaneti kuchokera pafoni yanga. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika anandiuza kuti ndikafuna kuikamo akaunti yanga tiyambe tafufuta zonse. Ndinavomera. Atakayatsanso munali mbee. Mabuku onse 300 anapita.

Mnyamatayo sanalakwe. Mabuku ogula pa intaneti ambiri amamangiriridwa ku akaunti ya amene anagula. Chimene umalipira ndi chilolezo chowerenga, osati buku loti ungagulitse kapena kusiyira mwana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ine, mlimi wa fodya, ndinagula wapachala, komanso chala chake cha munthu wina. Nambala ya wogulitsa uja inali itasiya kale kupezeka.

Ndinati palibe kanthu, ndigula anga. Apa ndiye panali phiri lina. Ndalama zanga zimayendera Airtel Money ndi Mpamba, koma masitolo a mabuku akunjawa amafuna khadi ya kubanki yolipirira pa intaneti, ndipo mitengo ili m'madola. Ndinayenda maulendo atatu kupita ku Kasungu boma, khadi n'kutuluka patatha masabata asanu. Itatuluka, masiku ena inkadutsa, masiku ena inkakana, pakuti ndalama zakunja zinali zosowa m'dziko. Ndinakwanitsa kugula mabuku awiri okha.

Miyezi itatu yoyamba kachipangizoka kanangokhala. Nabanda sananene kanthu. Loweruka lililonse ankangokapukuta fumbi n'kukaika pamalo poti ndikalowa m'nyumba ndikaone. Bola akanandikalipira.

Amene anandipulumutsa ndi mphunzitsi wina wachinyamata wa pasekondale yoyendera yapafupi, kasitomala wanga wa shuga ndi sopo. Anaseka pang'ono, kenako anabwera ndi laputopu yake kugolosale. Anandionetsa Project Gutenberg, nkhokwe ya pa intaneti yomwe inayamba mu 1971 ndipo ili ndi mabuku aulere oposa 70,000, ambiri akalekale omwe umwini wake unatha. Anandionetsanso African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, komwe kuli nthano za ana m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chomwe. Kenako anatsegula pulogalamu yaulere yotchedwa Calibre, imene imasintha buku kuti ligwirizane ndi chipangizo chako n'kulilowetsa kudzera pa chingwe chotchajira chomwecho, popanda khadi ya kubanki. Madzulo amodzi, ndi bandulo imodzi, tinaikamo mabuku pafupifupi 60. Ndikanayambira pamenepa, maulendo a kubanki aja sakanafunika. Ndipo mu Novembala chaka chomwecho, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Buku la madola asanu linalumpha kuchoka pa K5,900 kufika pa K8,500 usiku umodzi. Zogula ndinasiyira pomwepo.

Wachisamba, yemwe anali atangolowa Sitandade 8, anapindula kwambiri. Akakumana ndi liwu lachingerezi lovuta ankangolikanikiza ndi chala, tanthauzo n'kutuluka. Ankawerenga m'neti usiku ndi kanyali kake ka m'kati, opanda kandulo, ine opanda mantha a moto. Tikatchaja kamodzi tinkatha masabata atatu. Koma mabuku aulere aja Chingerezi chake n'cha agogo a azungu, nkhani za chipale chofewa ndi ngolo za akavalo, ndipo ambiri ankawasiya pa mutu wachiwiri. Mapepala a mayeso akale a MANEB omwe aphunzitsi anatipatsa anali a PDF, mtundu wa mafayilo omwe tsamba lake silisintha kuti ligwirizane ndi galasi. Tsamba lonse lalikulu linkapanikizika pagalasi la mainchesi 6, manambala kuchepa ngati nsabwe. Ukakulitsa, funso limaoneka theka, chojambula chake chili kwina. Masamu amafunanso pensulo. Mapeto ake tinakawasindikiza papepala, ndalama inanso.

Kwa ang'ono awiri zinavuta. Nthano za Chichewa zija zili ndi zithunzi zokongola zamitundumitundu, koma pagalasi lathu zonse zinkasanduka zotuwa ngati phulusa. Tsiku lina mzime wanga, wa zaka zinayi, anayang'anitsitsa chithunzi n'kufunsa kuti, "Ababa, tomato uyu wapserera?" Zilipo masiku ano zoonetsa mitundu, koma mtengo wake ndi wina. Mwana wamng'ono amawerenganso ndi manja: amaloza, amabwerera m'mbuyo kukaona galu uja, amagona nalo bukulo. Apa akangoloza, tsamba linkathawa. Akatopa ankafunsa ngati muli makatuni. Nthanozo n'zazifupi, mwezi umodzi tinali titazimaliza ndi kuzibwereza. Mabuku aatali a Chichewa, ngati omwe ife tinkawerenga kusukulu, sindinawapezemo.

Koma vuto lenileni, lomwe sindinaliganizire ngakhale pang'ono ndili pa depoti paja, linali la masamu a Sitandade 1. Mabuku 60 m'chipangizo chimodzi ndi buku limodzi. Katoni ija ilipo, aliyense ankatenga lake n'kukhala pakona pake, wina chafufumimba pamphasa, wina pakhonde. Tsopano mmodzi akamawerenga, awiri ankadikira ngati pamzere wa kuchigayo, ndipo podikirapo pankabuka ndewu. Ndinalemba ndandanda n'kumata pakhoma, aliyense mphindi 20. Kuwerenga kunasanduka kumwa mankhwala. Ineyo ndinasanduka wapolisi: sambani m'manja, osaika pansi, osatuluka nako panja. Ana a oyandikana nawo, omwe kale ankabwera kudzabwereka mabuku, anasiya kubwera. Buku la K1,500 likabwera litang'ambika umangoti tsk n'kumata ndi phala la ufa. Chinthu cha K95,000 sungachipereke kwa mwana wa eni.

Munthu amene sindinamuwerengere konse ndi amene anakondwa nako koposa. Mayi anga anali atasiya kuwerenga Baibulo lawo kwa zaka zinayi chifukwa cha maso. Ku Chigwirizano ankangomvera anzawo, iwo amene kale ndiwo ankawerengera gulu. Sanadandaulepo, ankangoti ndi ukalamba. Aphunzitsi aja anatiikiramo Baibulo la Chichewa laulere, ndipo tsiku lina madzulo wachisamba anakulitsa zilembo mpaka pamzere pankangokwana mawu atatu, n'kuwapatsa agogo ake. Anakagwira ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo yotentha. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anaika chala pansi pa mzere n'kuyamba kuwerenga salimo mokweza, liwu likunjenjemera. Nabanda anatuluka panja, ati akukaona nkhuku. Nkhuku zinali zitalowa kale.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala sileti, poti mayi anati kakufanana ndi masileti omwe ankalembapo ku sukulu ya mishoni. Mawu a Baibulo limenelo anali omasuliridwa mwamakono, osiyana ndi omwe iwo analoweza ali mtsikana, ndiye ankawerenga ndi maso kwinaku akukonza ndi pakamwa. Ndandanda ya pakhoma ija inafa yokha. M'mawa wonse sileti inali ya agogo, ndipo palibe anatsutsa.

Inasweka mu Malichi 2024, nthawi yosoka fodya, tonse tili kuchigafa. Mayi ankawerenga pamphasa, kunja kunamveka odi, anaiphimba ndi chitenje n'kudzuka. Mzime anabwera chothamanga n'kugwada pachitenjepo. Sipanamveke phokoso lililonse. Kunja kwake kunalibe mng'alu, koma theka la galasi linadzaza mizere, theka linalo linauma pa tsamba lomwe ankawerenga. Pansi pa chophimba chakunjacho pali kagalasi kena kopyapyala kwambiri, ndipo kamasweka ndi kupindika pang'ono chabe, ngakhale m'thumba la kumbuyo kapena m'chikwama chothinana. Chikuto cha K8,000 chija chimateteza zimenezi. Kathumba ka telala sindinasoketse n'komwe.

Ndinakalipira mwanayo mpaka anthu a kuchigafa anasiya kusoka. Mayi anadikira ndimalize, kenako anati: "Aphiri, mukalipire ine. Mwanayu anaona chitenje, sanaone sileti." Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Wokonza mafoni wina ku boma anaisunga masabata atatu, anadya K5,000, n'kundibwezera momwe inalili. Galasi la mtundu umenewu si la foni, okonza ambiri alibe. Ku Lilongwe anandiuza kuti ayenera kuitanitsa kunja, ndipo mtengo wake unatsala pang'ono kufanana ndi kugula ina. Mukafuna kusiya chipangizo kwa wokonza, yambani mwafunsa ngati anasinthapo galasi la e-reader, ndipo musalipire asanalipeze. Mabuku aulere aja anali pa laputopu ya aphunzitsi, omwe panthawiyi anali atasamutsidwira kwina. Fulashi yoti ndisungirepo sindinagule. Awiri ogula aja okha ndiwo anatsala mu akaunti yanga, ndipo amatseguka pafoni, chifukwa imelo ndi pasiwedi ndinazilemba m'kope la ngongole za kugolosale. Nditaphatikiza zonse, chipangizo, maulendo, khadi, mabandulo ndi okonza, zinafika pafupifupi K180,000. Tinali nacho miyezi isanu ndi inayi, itatu mwa imeneyo chikungopukutidwa fumbi.

Mayi ankafunsa m'mawa uliwonse kuti sileti yawo ichira liti. Ine ndinkaganiza za komwe ndingapeze K100,000 ina. Nabanda sanandifunse maganizo ulendo uno. Anawakweza apongozi awo minibasi kupita nawo kuchipatala kukayezetsa maso, ndipo anabwerako ndi magalasi owerengera a K6,000. Madzulo ake mayi anatulutsa Baibulo lawo lakale m'sutikesi, lija la mawu omwe amawadziwa, n'kuwerenga osakonza kanthu. Zaka zinayi zonsezo ndinali pafupi nawo, osaganiza. Ngati kholo lanu lasiya kuwerenga, yambani mwapita nalo kukayezetsa. Nthawi zina ndi magalasi chabe, nthawi zina ndi ng'ala yofunika madokotala, koma musayambire kusitolo ya zipangizo.

Fodya wa chaka chimenecho atagulidwa ndinachita zomwe ndinauzidwa poyamba paja. Kalipentala anandikhomera shelefu yolendewera pa mawaya kuchokera kudenga, yosakhudza khoma kapena pansi. Nthawi ya mvula mabuku omwe sitikuwerenga amalowa m'ndowa yapulasitiki yotseka bwino, ndipo kamodzi pamwezi timawatulutsa n'kuwakuntha. Katoni ndi chakudya cha chiswe, musasungiremo kanthu. Ndikapita kukapikula katundu ndimabwerako ndi mabuku awiri kapena atatu akaunjika. Nthano za African Storybook amalola kusindikiza, ndiye ndimazitsitsa pafoni n'kukasindikiza ku boma zakuda ndi zoyera, n'kusoka pakati ndi ulusi womwewo wosokera fodya. Zithunzi ana amapaka okha ndi mapensulo amitundu. Tomato uja mzime anamupaka kufiira mpaka pepala linabooka.

Ana a eni anayambanso kubwera. Ndinaika kope pagolosale, wobwereka amalemba dzina, ndipo ena amabweretsa awo kudzasinthana. Mabuku angapo sanabwerere. Sindidandaula kwambiri, poti ndimakumbukira amene anapulumuka chiswe. Kuno ku Kasungu tonse timadziwa za William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Buku lomwe linamutsegula maso linali lobwereka ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, ndipo poti Chingerezi chinkamuvuta, ankatsata zithunzi. Akanakhala mwana wa nyumba yoyandikana nane miyezi ija, ndikanamuuza kuti sileti situluka panja.

Musamve ngati ndikuinyoza e-reader. Wachisamba amaisowa mpaka lero, makamaka dikishonale ija ndi kanyali ka m'neti, ndipo tagwirizana ndi mlamu wanga kuti akamadzabweranso adzatitengere yatsopano. Idzakhala ya munthu mmodzi wowerenga nkhani zazitali yekha, idzafika ili kale m'chikuto, ndipo buku lililonse lidzakhalanso pa fulashi. Za ang'ono zikhala papepala mpaka adzakule.

Yosweka ija sindinataye. Ili pashelefu, pakati pa mabuku. Batire linafa kalekale, koma poti tsamba loima silidya moto, theka lija likadali pomwepo, zilembo zikuluzikulu za agogo. Mzime tsopano ali Sitandade 1. Dzulo ndinamupeza ataitsitsa yekha, chala chili pagalasi, akutchula chimodzichimodzi: m, b, u, s, a. Anatembenuka kufunsa agogo ake kuti mawu otsatira akuti chiyani, poti pamenepo pali mizere. Mayi sanayang'ane n'komwe. Anangomuuza pamtima, m'mawu a Baibulo lawo lakale.